Tsamba Losowa M'kope la Bambo

3 Malichi

Okondedwa Amayi ndi Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Miyendo ya Amayi ili bwanji masiku ano? Alamu ndi ana muwapatse moni. Ine ndili bwino, kungoti ntchito yandichulukira ngati kuti m'bungwe muno ndine ndekha ndinabadwa ndi manja.

Nthawi ya chikumbutso cha Bambo yayandikiranso, ndipo chino ndi chachisanu. Bungwe lathu la akatswiri a kemisitiri laika mwambowu pa 14 Juni, m'holo yomwe ija ya mafani olira. Monga mlembi wa komiti, ndine ndimathamanga ndi zonse: kupempha holo, kusindikiza mapulogalamu, kulembera alendo, ngakhale kubwereka nsalu ya patebulo.

Fomu ya kubanki ili m'envulopu momwemu. Achimwene, muwawerengere Amayi monga mwa nthawi zonse, ndipo asaine pomwe ndaika kamtanda ka pensulo. Mukudziwa mmene Bambo analembera m'wilo yawo. Ndalama zimene anasiya m'thumba la chikumbutso sitizikhudza, timangotapa chiwongoladzanja, ndipo nachonso sichituluka popanda dzanja la Amayi. Akubanki akufuna fomuyi pofika pa 20 Meyi. Tsikulo likadutsa ndiye kuti chaka chino kulibe wokamba nkhani, ndipo wiloyo ikuti chaka chimodzi chikadumphidwa, thumba litsekedwe, chikumbutso chithere pomwepo.

Tsopano khalani pansi, chifukwa pali nkhani imene ndakhala ndikuizungulira.

Mukudziwa lamulo la Bambo losankhira wokamba nkhani. Ofuna kukamba amatumiza mitu yawo kwa ine, ine ndimadula maina n'kuikapo manambala, kenako akomiti asanu amawerenga osadziwa kuti wolemba ndani. Bambo ankati munthu aziyezedwa monga ankayezera madzi m'labu, botolo la nambala, osati la dzina. Chaka chino onse asanu asankha nambala 7. Nambala 7 ndi munthu uja kwathu timamutcha Mlowam'malo.

Wavomera kudzakamba. Wapemphanso chinthu chimodzi: akufuna aone kope la Bambo la m'labu, lachikuto chobiriwira lija, la chaka chimene Bambowo anachotsedwa ntchito. Lili m'sutikesi ya pamwamba pa wadulobu kuchipinda kwa Amayi.

Ndikudziwa mmene mwailandirira. Mundiyankhe msanga, ngakhale mokalipa.

Mwana wanu komanso mlongo wanu,
Kabotolo


15 Malichi

Chemwali,

Moni tamulandira. Tili bwino, kupatula kuti kalata yako yatilanda njala. Miyendo ya Amayi ikadali yotupa, ndipo mankhwala aja unatumiza atha.

Ndaiwerenga kalata yako katatu, kufuna kuona ngati pali pomwe walemba kuti ukuseka. Ine ndine makaniko chabe, sukulu yanga inathera pa sipanala, koma galimoto ikamatulutsa utsi wakuda sindifunsa komiti ya anthu asanu kuti indiuze kuti m'injini muli vuto.

Iwe unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwina waiwala. Ine ndinali mnyamata wometa ndevu, ndiye ndikukumbutse. Munthu ameneyu anabwera m'labu ya Bambo ali ndi buluku limodzi. Bambo anamuphunzitsa kugwira botolo, anamulipirira mayeso, ndipo Loweruka lililonse ankadya patebulo pathu mpaka kunyambita zala. Ana a anthu atadwala ndi madzi a m'thanki ija Bambo anayeza, akuluakulu n'kuyamba kusaka womukoleka mlandu, ndani anaimirira pamaso pa ofufuza n'kuchitira umboni wotsutsa Bambo? Ndipo patangotha miyezi itatu, ndani anakhala pampando wa Bambo? Dzina lakeli sitinamupatse chifukwa chomukonda.

Bambo anatha zaka khumi ndi ziwiri akuphika sopo m'shedi kuseri kwa nyumba, manja onse atasupuka. Anthu ankawaloza pamsewu kuti ndi aja anamwetsa ana mtovu. Lero iwe ukufuna munthu yemweyo aime pansi pa chithunzi chawo, amwe madzi a m'botolo ogulidwa ndi thukuta lawo, ife tiziwomba m'manja?

Za manambala zakozo usandiphimbe nazo m'maso. Wodula maina ndiwe. Ndiye kuti unadziwa kalekale kuti nambala 7 ndani. Unadziwa liti? Bwanji sunatitsine khutu? Mlamu wako akuti mwina pali ntchito imene wakulonjeza, popeza tikumva kuti masiku ano ndi bwana wamkulu. Ine ndamuletsa kulankhula choncho, koma usiku wonse mawu akewo amandizungulira m'mutu.

Nanga kopelo akulifuniranji patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu? Galu wamkota sakandira pachabe. Kaya muli china chomukhudza iyeyo chimene akufuna achifafanize, kaya akufuna achiwerenge pagulu kuti Bambo awachotsenso ntchito kachiwiri ali m'manda.

Amayi atamva za munthuyo anangoti, "Hmm." Koma nditafika pa za kope, anadzuka n'kukalowa kuchipinda, chakudya osachikhudza. Waona zimene wachita? Fomu ili pamwamba pa wailesi, sinasainidwe.

Mlongo wako,
Makaniko


24 Malichi

Achimwene,

Zikomo poyankha. Mankhwala a Amayi ndatumiza ndi dalaivala wa basi ya Lachinayi, mukawatenge kudepoti. Alamu muwauze kuti ntchito ndili nayo kale, ndipo bwana wanga ndi mayi wonenepa amene samulonjeza munthu ngakhale tiyi.

Mwafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinadziwa pa 9 Januwale. Ndinatsegula envulopu n'kuona dzina lake. Ndinaigwira pamwamba pa bini ya zinyalala nthawi yaitali ndithu. Palibe akanadziwa. Koma ndinakumbukira kuti chaka chatha tinakana mphunzitsi wanga weniweni chifukwa nambala yake inagonja, ndipo ndinamuuza m'maso muli gwa kuti lamulo la Bambo silikondera. Ndikanataya pepalalo, bwenzi nditasanduka wakuba m'nyumba ya Bambo. Ndinadula dzina, n'kulemba 7, n'kupemphera kuti agonje. Sanagonje. Sindinakuuzeni chifukwa ndimayembekeza kuti sipadzakhala chokuuzani.

Musaganize kuti ine ndikumukhulupirira. Mutu wa nkhani yake ndi wakuti, "Woyeza akalakwitsa, achite chiyani?" Akomiti anaukonda kwambiri. Ine unandilasa mumtima, chifukwa ndikuona ngati pali munthu amene akulozedwa. Ndamulembera kawiri kumufunsa chimene akufuna m'kopemo. Yankho lake ndi mizere iwiri: akuti ndi nkhani yofunika kuiona ndi maso, sangaifotokoze pakalata. Wapampando wathu, nkhalamba ija yosamva khutu limodzi, akuti wokamba safunsidwa zimene adzanene, ndi mwambo wa bungwe.

N'chifukwa chake kopelo ndikulifuna ine choyamba. Ndiliwerenge ndekha tsamba ndi tsamba, ndidziwe chimene akusaka asanachipeze. Silidzachoka m'manja mwanga. Akafuna kuliona adzalionera pa tebulo langa, ine nditakhala pomwepo.

Pakadali pano wosindikiza akundivutitsa kuti ndimupatse dzina la wokamba, eni holo akufuna chikole, ndipo chikwangwani chathu chadyedwa ndi mphemvu pankhope ya Bambo penipeni. Zonsezi zikudikira fomu imene ili pamwamba pa wailesi yanu.

Ndifunseko nanenso, popeza mafunso ayamba kuyenda. Fomuyo akuikana ndi Amayi, kapena simunawapatse cholembera? Tonse tikudziwa kuti thumba likatsekedwa zotsalazo zimabwerera kubanja, ndipo simunabisepo kuti galaja yanu ikufuna denga.

Mlongo wanu,
Kabotolo


19 Epulo

Chemwali,

Tili moyo. Mankhwala tinalandira. Ndachedwa kuyankha dala, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwe ndinawerenga za denga la galaja, pepala likanapsa. Galaja yanga yadontha zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirire Bambo, ndipo zaka zinayi ndakhala ndikunyamula fomu yako kupita nayo kupositi ndi miyendo yangayi. Ndikanafuna kuitaya m'ngalande ndikanadikira mpaka lero?

Cholembera ndinawapatsa Amayi katatu. Koyamba anati maso akuwawa. Kachiwiri anati inki yake ndi yofiira, Bambo sankalola kusaina ndi yofiira. Kachitatu anangondiyang'ana ngati ndabwera kudzawalanda nyumba.

Za kope ndiye zinavuta koposa. Makiyi a sutikesi anasowa milungu iwiri. Tinasesa nyumba yonse, mlamu wako mpaka anang'amba pilo. Lachiwiri lapitali Amayi atapita kuchipatala kukapimitsa miyendo, ndinawapeza makiyiwo m'chitini cha mabatani, atakulungidwa m'kansalu. Munthu saika makiyi m'kansalu mwangozi. Ukuona mmene akumuopera munthu wakoyo? Mayi wokalamba mpaka kubisa makiyi m'nyumba mwake momwe.

Komabe kopelo ndalitenga, ndipo ndi limeneli. Ndalitumiza osati chifukwa wandigonjetsa, koma kuti uliwerenge wekha, uone kuti Bambo analibe chobisa, kenako umuuze Mlowam'malo akakambe nkhani yake kubala. Ine ndinangotsegula chikuto, n'kuona manambala okhaokha ngati buku la ngongole za m'golosale, n'kutseka. Fungo lake ndi lomwe lija la malaya a Bambo, ndipo sindinathe kuligwira nthawi yaitali.

Amayi atabwera ndinawauza. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zomwe zikundiopsa. Anangofunsa kuti, "Lapita kale?" Nditati lipita Loweruka, anati, "Chabwino," n'kukakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa.

Ulisunge ngati diso lako. Munthuyo akamaligwira, manja ake uziwaona onse awiri.

Mlongo wako,
Makaniko


25 Epulo

Achimwene,

Kope lafika. Moni ndipereka kalata ina, lero ndilibe.

Mwina simukudziwa, ndiye ndikuuzeni. Kope la m'labu si kope la sitolo. Masamba ake amabwera ndi manambala osindikizidwa kale pakona. Woyeza safufuta kanthu, sapaka utoto, ndipo koposa zonse sang'amba tsamba. Akalakwitsa amadula ndi mzere umodzi wokha kuti cholakwacho chizionekabe, n'kulemba cholondola pambali, n'kusaina, mnzake n'kusainanso ngati mboni. Kope losowa tsamba limodzi ndi kope lakufa, chifukwa aliyense amati mwini wake anabisapo kanthu. Mukukumbukira mmene Bambo anakukwapulirani mutang'amba pepala m'kope la masamu kuti mupange ndege? Chifukwa chake chinali chimenechi.

Kope la Bambo likuchoka pa 112 n'kulumphira pa 115. Pepala la pakati ladulidwa bwinobwino ndi lezala, m'munsi mwenimweni, moti wosayang'ana manambala sangazindikire. Masiku ake ndi a mlungu womwe uja wa thanki ya madzi.

Kopeli lakhala m'manja mwanu kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Mwandiuza nokha kuti munalitenga Amayi kulibe. Mwandiuzanso, osafunsidwa, kuti munangotsegula chikuto. Ndani anakufunsani?

Ngati munaona mizere yodulidwa n'kuganiza kuti mukuteteza Bambo, ndikumvetsa, koma mwawapha kachiwiri. Ngati munachita kuti mwambo ulephereke, Mulungu akuoneni. Bwezani pepalalo, ngakhale litakwinyika. Lachisanu likudzali munthu uja akubwera kudzaona kope, ndipo sindikudziwa kuti nkhope yanga ndidzaiika pati.

Kabotolo


2 Meyi

A Dokotala,

Popeza moni watha kwanuko, nanenso ndasunga wanga.

Ndiye ndasanduka wakuba masamba? Ine amene ndinasiya kozi kuti ndizikankha wilibala ya sopo, iwe upeze fizi? Lezala amene ndili naye ndi wometera ndevu, ndipo ngakhale ndevuzo sadula bwino. Kopelo linakhala masiku anayi chifukwa positi ya kuno imanyamula mapaselo Loweruka lokha. Kafunse.

Ndinati ndinangotsegula chikuto chifukwa ndi zimene ndinachita. Kwanu kumabungweko munthu akanena zoona asanafunsidwe ndiye kuti ndi mlandu?

Taganiza bwino, iwe wophunzira. Kopelo lisanabwere m'sutikesi ya Amayi linali kuti? Linali m'labu. M'labumo munali ndani ndi Bambo tsiku ndi tsiku, wodziwa kabati iliyonse? Munthu yemweyo lero akuti akufuna aone kope. Akufuna atsimikize kuti pomwe anadula mpaka pano sipanamere.

Kalata yako ndinawawerengera Amayi yonse, osadumpha liwu, kuti amve mmene mwana wawo akunditchulira. Nditafika pa za kope lakufa anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anafunsa kuti, "Ngakhale tsambalo likhale la zolakwika?" Ndinati ndi mmene a Dokotala akunenera. Kuyambira tsikulo sakudya bwino, ndipo dzulo ndinawapeza atatsitsa chithunzi cha ukwati wawo pakhoma, atachifumbata. Ukawadwalitsa, udzabwere udzawasamale wekha.

Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Ine fomuyo sindiikhudzanso.

Makaniko


6 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji? Amayi ali bwanji? Ndayamba ndi moni chifukwa ndili ndi ngongole ya moni, komanso ya kupepesa. Simunadule tsamba lija. Ndinakulakwirani kwambiri, ndipo manyazi andigwira. Kalata yanu yafika lero m'mawa, koma zoona zake ndinazidziwa Lachisanu.

Munthu uja anabwera ku ofesi ya bungwe nthawi ya 10 koloko. Wakalamba, Achimwene. Tsitsi lonse mbuu, ndipo amayenda mokoka mwendo. Ndinamuika pampando wa pafupi ndi zenera, ine n'kukhala moyang'anana naye, kope lili pakati. Ndinali nditakonza bodza loti tsamba linathothoka ndi ukalamba. Sanandipatse mpata. Sanayambire pachikuto, anangotsegula pa 112 ngati munthu wolowa m'nyumba yake, n'kunena kuti, "Likadali losowa."

Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Anati, "Mwanawe, tsamba limeneli ndi limene linachotsa bambo ako ntchito."

Nazi zimene anandiuza. Bambo atayeza madzi a m'thanki koyamba anapeza kuti ndi abwino, ndipo kalata inatuluka yotero. Patatha masiku awiri anazindikira okha kuti mankhwala amene anatchera nawo makina anali osukuluka. Anabwereza kuyeza katatu, n'kupeza mtovu wambiri. Pa tsamba 113 anadula manambala oyamba ndi mzere umodzi, n'kulemba atsopano, n'kulembanso m'mphepete kuti cholakwa ndi chawo, kuti awauza abwana Lachinayi nthawi ya 2 koloko, ndipo thanki itsekedwe tsiku lomwelo. Iyeyo anasaina pansi ngati mboni. Abwanawo sanatseke thanki. Anakhalira nkhaniyo milungu itatu mpaka ana anayamba kudwala, kenako anakana kuti sanauzidwepo kanthu.

Tsiku la kafukufuku Bambo anabwera ndi kope, mtima uli m'malo, poti umboni wawo unali m'manja. Anatsegula pamaso pa anthu onse, tsamba palibe. Akuti anangoima, chala chili pa 112.

Ofufuza anamufunsa iyeyo ngati kopelo linali lathunthu. Anayankha kuti ayi, pakusowa pepala limodzi. Umboni umene tinaumva kwathu ndi umenewo. Akuti anapitiriza kunena zimene zinalembedwapo, koma anamuuza kuti iyeyo ali ngati mwana wa m'nyumba, sangachitire umboni bambo wake, ndipo mawuwo sanalembedwe. Za mpando sanakane. Anati, "Ndinali ndi ana awiri, ndinaulandira. Ndakhala ndikuulipira mpaka lero."

Kope amalifunira ichi: Bambo ankalemba mokanikiza kwambiri, ndiye ankayembekeza kuti zolemba za tsamba losowalo zinadinda pa 115. Anabwera ndi katochi, tinatseka makatani, n'kuunika chopendekera. Tinaona deti, theka la manambala, ndi liwu limodzi loti "Lachinayi". Zina zonse zinafafanizika. Anazimitsa tochi, kenako anati adzakambabe, koma adzakhala mawu a nkhalamba imodzi yopanda pepala, ngati kale lija.

Ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati sanadule ndi iyeyo. Sanakwiye. Anati tsambalo analiona komaliza Lachisanu masana, Bambo akuika kope m'chikwama. Analitengera kunyumba dala, poopa kuti likagona m'labu abwana alisowetsa. Lolemba linachoka kunyumba kupita kukafukufuku.

Ndiye mutu wanga waima, Achimwene. Ngati akunama, ndi katswiri wa bodza, ndipo ine ndatsala pang'ono kumupatsa holo yodzaza anthu. Ngati akunena zoona, tsambalo linadulidwa m'nyumba mwathu, ndipo amene ankagwira makope m'nyumbamo anali Bambo okha. Kodi n'kutheka kuti panalembedwa zina zimene iwo sanafune kuti zioneke? Ndayamba kukayikira munthu amene ndimapachika chithunzi chake chaka ndi chaka, ndipo zikundiwawa kuposa zonse.

Muwawerengere Amayi. Akakana kusaina sindiwakakamiza. Wosindikiza ndamuuza adikire mpaka pa 20.

Mlongo wanu,
Kabotolo


13 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, ndiye upirire ndi zilembo zokhotazi, maso ndi dzanja sizikumvananso. Mlongo wako sakudziwa kuti ndikulemba. Ndimuuza kalatayi ikapita, chifukwa ndikayamba ndi iye mphamvu zindithera. Miyendo ilipo. Usadandaule za miyendo.

Bambo ako usawakayikire. Mlongo wako usamukayikire. Munthu ujanso muleke. Tsamba ndinadula ndine.

Linali Loweruka m'mawa. Bambo ako anapita kukameta kuti Lolemba akaoneke bwino. Mlungu wonsewo azimayi pampopi ankandiuza kuti amuna anga akamangidwa, kuti apolisi akangopeza pomwe analakwitsa ndiye basi. Ine makope awo sindinkawagwira, zaka makumi awiri za ukwati sindinatsegulepo ngakhale limodzi. Tsikulo ndinatsegula. Chizungu changa ndi cha Sitandade 5, koma masamba onse anali oyera bwino, limodzi lokha ndi limene linali ndi mizere yodula manambala. M'mphepete ndinawerenga mawu awiri amene ndinkawadziwa, akuti kulakwitsa kwanga, ndi dzina lawo pansi. Ndinati mwamuna wopusa uyu, wadzilembera yekha chingwe. Ndinatenga lezala m'makina osokera n'kudula pang'onopang'ono ngati ndikumasula mpendero. Ndinanyadira kuti ndadula bwino.

Lolemba madzulo anabwera, anakhala pabedi nsapato osavula. Anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Mayi a ana, kodi munagwirako kope langa?" Nkhope yawo inandiopsa. Ndinati ayi. Anati, "Chabwino," n'kupempha madzi osamba. Ukudziwa bambo ako, za kuntchito sankabwera nazo patebulo. Sanandiuze chimene chinali patsambalo, nanenso sindinafunse. Ntchito inatha koma kundende sanapite, ndiye mumtima ndinkati ndawapulumutsa. Munthu uja mukamamutukwana ndinkangokhala chete, ndipo nthawi zina ndinkathandizako.

Zaka zonsezi ndimadziwa kuti ndinanama. Sindimadziwa kuti ndinawadula miyendo. Ndinazimva pakamwa pa mlongo wako akuwerenga makalata ako awiriwa. Sopo yense uja, manja aja, zala za anthu pamsewu, kozi ya mlongo wako. Ndinali ine ndi lezala wanga.

Sindikudziwa ngati bambo ako anandikhulupirira kapena anangondikhululukira. Sanafunsenso mpaka kufa. Funso limeneli ndipita nalo ndekha.

Kuwotcha zolemba za dzanja lawo ndinalephera. Pepalalo ndinalibisa kuseri kwa chithunzi cha ukwati, ndipo ndi ili ndalikulunga m'kansaluka. Lachita chikasu koma likuwerengeka, dzina la munthu uja lili pansi monga wanenera. Fomu ndasaina, ili pamodzi. Uthamange nayo kubanki.

Munthuyo umuuze kuti ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, aliwerenge tsambali pagulu lonse, mokweza, kuti ndi wapampando wanu wogonthayo amve. Chachiwiri, anthu akafunsa kuti linali kuti zaka zonsezi, asazungulire ndipo asanditeteze. Kuteteza ndakuona kumene kumafikitsa. Anene kuti anadula ndi mkazi wake.

Pa 14 Juni ndibwera. Undiikire mpando kutsogolo, pomwe anthu angandione bwino.

Ndine,
Mayi ako